Kuzika Mitengo M'dimba la Matimati

Madzi a mtsinje wa Revúboè akaphwera, m'mwezi wa Epulo ndi Meyi, anthu a ku Benga amatsikira kumadimba. Ena amabzala kabichi. Ena amabzala anyezi, mpiru ndi therere. Koma ambiri amakonda matimati, chifukwa matimati ndi ndiwo, ndiponso ndi ndalama. Msika suli kutali. Ku Moatize ndi ku Tete anthu amagula matimati tsiku liri lonse.

Matimati ali ndi vuto limodzi. Tsinde lake ndi lofooka. Akabereka amalemera, nagwa pansi. Chipatso chogona pa dothi lonyowa chimaola. Masamba okhudza pansi amagwidwa msanga ndi matenda. Mlimi pothirira amaponda nthambi. Pokolola amavutika kuona zakupsa. Nchifukwa chake matimati amafuna mtengo wotsamira.

Kuzika mtengo umodzi si ntchito. Ngakhale mwana angathe. Koma kuzika mitengo 400 ndi nkhani ina. Alimi ambiri amayamba ndi changu m'mawa, dzuwa likafika pamutu manja atuluka matuza, mitengo ina yang'aluka, mizere iwiri yokha ndiyo yatha. Mawa lake sabwererako. Matimati otsala amabereka ali chogona.

M'phunziro lino tiona chifukwa chake ntchitoyi imalemera, ndi njira zoipeputsira.

ALAMU AWIRI

Tiyerekeze alamu awiri olima madimba oyandikana. Woyamba watenga mwala waukulu. Akugwira mtengo ndi dzanja lamanzere, akumenya ndi lamanja. Mtengo ukunjenjemera koma sukulowa. Wachiwiri alibe mwala. Ali ndi chitsulo chachitali, chingwe ndi ndowa ya madzi. Akungoyenda mumzere kuboola timaenje, osakhudza mtengo ndi umodzi womwe.

"Alamu, kodi mwaiwala kuti tabwerera mitengo? Ine ndazika kale khumi, inu ngakhale umodzi ayi."

"Pitirizani alamu, ndikupezani."

Dzuwa litakwera, woyamba uja wakhala pansi. Chala chatupa. Mitengo ina yaphwanyika kumutu, ina yapendekeka. Mnzake tsopano wayamba kulowetsa mitengo m'timaenje tija. Mtengo uli wonse akuumenya kawiri kapena katatu, basi waima.

"Alamu, mwachita mankhwala anji?"

"Palibe mankhwala apa. Inu mukutuma mtengo kuti uboole nthaka. Ine ndatuma chitsulo."

Phunziro lonse lagona pa yankho limeneli. Mtengo suboola nthaka youma. Chitsulo ndicho chimaboola. Mtengo umangotsata njira imene chitsulo chatsegula.

TIYAMBE TAWERENGA

Musanapite kukadula mitengo, dziwani kuti mufuna ingati. Tengani pensulo tiwerengere limodzi.

Dimba ndi la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Mizere yatalikirana mita imodzi. Ndiye kuti mizere iripo 10. Mumzere uli wonse mbande zatalikirana masentimita 50, ndiyo theka la mita. Mzere umodzi uli ndi mbande 40. Mizere 10 iri ndi mbande 400. Ngati mbande iri yonse ifuna mtengo wake, mitengo ikhala 400.

Koma pali njira yochepetsera. Zikani mtengo umodzi, dumphani mbande ziwiri, zikani wina. Kenaka dutsitsani chingwe kuchokera pa mtengo kufika pa mtengo, mbali ino popita, mbali inayo pobwera. Matimati amakula pakati pa zingwe ziwirizo. Akatalika, muonjezere chingwe china pamwamba pake. Pa njira imeneyi mzere umodzi ufuna mitengo 21. Mizere 10 ifuna mitengo 210. Mwapulumutsa mitengo 190, ndi thukuta lake lomwe. Chofunika ndi chakuti mitengo ya kumapeto a mzere ikhale yonenepa ndi yozama, chifukwa ndiyo imakokedwa kwambiri.

Njira ya zingwe imayenera matimati aafupi, amene amabereka nthawi imodzi. Matimati aatali, opitiriza kukula ndi kubereka miyezi ingapo, amachita bwino uli wonse ukakhala ndi mtengo wake.

NTHAKA SIFANANA

Chigawo cha Moatize ndi chachikulu, ndipo nthaka yake ndi yamitundumitundu. Njira yothandiza kuno mwina singathandize uko.

M'mbali mwa Zambezi ndi Revúboè muli mchenga wosakanizika ndi matope obwera ndi madzi. Mtengo umalowa mosavuta. Koma umazukanso mosavuta. Kuno vuto si kulowetsa ayi, koma kulimbitsa. Zamitsani mtengo masentimita 40 kapena 45, ndipo pondani dothi mozungulira ndi chidendene.

Pena pali makande, dothi lakuda lija limene limang'aluka m'chirimwe. Likauma liri ngati mwala. Likanyowa kwambiri limamata chitsulo ndi mapazi omwe. Nthawi yake yabwino ndi pamene liri lachinyezi. Thirirani madzulo, boolani m'mawa.

Ku Cateme ndi ku Mualadzi kuli anzathu amene anasamutsidwa chifukwa cha migodi ya malasha. A ku Cateme anapita kumeneko mu 2009 ndi 2010. A ku Mualadzi ambiri anachokera ku Capanga, konkuno ku Benga, kuyambira 2010. Anasiya madimba a m'mbali mwa mtsinje, nakapeza nthaka youma, malo ena yamiyala, madzi ali osowa. Mlimi wozolowera kuzika mtengo ndi manja okha mumchenga ayenera kuphunziranso ntchitoyi akafika pa nthaka yotere.

Ku Zóbuè, kumalire ndi Mwanza wa ku Malawi, ndi kumapiri. Kumazizira, mvula imagwa yochulukirapo, nsungwi zimapezeka. Dothi lofiira la kumeneko limalimba m'chirimwe, koma likanyowa limagwira mtengo bwino.

Choncho musanayambe, yesani chitsulo pa malo atatu kapena anayi m'dimba mwanu. Nthaka idzakuuzani yokha zida zofunika.

KUKONZA MITENGO

Mtengo wa matimati utalike mita imodzi ndi theka. Wa matimati aatali ufike mita imodzi ndi masentimita 80. Kunenepa kwake kukhale ngati mpini wa khasu laling'ono, kapena kucheperapo pang'ono. Dulani mtengo umodzi wa muyeso, ndipo ina yonse muilinganize ndi umenewo.

Songolani mitengo kunyumba, pamthunzi, tsiku lozika lisanafike. Kusongola kudimba kumachedwetsa anthu onse. Mbali ya kutsinde, yonenepayo, ndiyo ipite pansi. Ikani mtengo pa chipika, osati pa dothi, kuti chikwanje chisabunthe. Semani mbali zinayi, nsonga ikhale pakati peni-peni. Anthu ambiri amasema mbali imodzi yokha pofuna kufulumira. Mtengo wotere umakhota polowa, ndipo ngakhale muuwongole bwanji umaima chopendekeka. Nsonga italike ngati chikhato. Nsonga yaitali kwambiri imathyoka ikakumana ndi mwala.

Kumutu kwa mtengo dulani mowongoka, kenaka palani pang'ono m'mphepete mozungulira. Mutu wopalidwa chotere suphwanyika msanga poumenya.

Chotsani makungwa ku mbali yolowa pansi. Pansi pa khungwa ndipo pamabisala tizirombo. Ena amawaula nsonga pamoto mpaka ide. Izi zimachedwetsa chiswe, ngakhale sizichiletsa kotheratu. Oilo wakutha wa galimoto musapake pa mitengo ya m'dimba. Ndi poizoni, ndipo amalowa m'dothi limene mukulimamo chakudya.

Nsungwi iri ndi malamulo ake. Mkati mwake ndi mwamphako. Kumutu dulani pamwamba peni-peni pa mfundo, kuti isang'aluke ndiponso isasunge madzi. Kunsi dulani mopendeketsa. Nsungwi yaikulu mukhoza kuing'amba panayi, mupeze mitengo inayi. Sankhani yokhwima, chifukwa yanthete imafumbwa msanga.

Nanga mtengo wabwino ndi uti? Kuchigwa kuno palibe woposa tsanya, amene ena amati ntsano. Ndi wolemera, ndipo chiswe chimamuopa. Koma tsanya amakula pang'ono pang'ono, ndipo wambiri watha kale ndi makala. Si nzeru kugwetsa mtengo wonse chifukwa cha matimati a chaka chimodzi. Dulani nthambi zowongoka ndi mphukira za pa zitsa, ndipo pa chitsa chiri chonse musiyepo ziwiri kapena zitatu. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje musaikhudze, pakuti mizu yake ndiyo yagwira gombe limene pali dimba lanu.

MGWALA

Chida choyamba pa ntchitoyi ndi mgwala. M'masitolo a ku Moatize ndi ku Tete mukafunse alavanca. Ndi chitsulo cholemera, chotalika pafupi-fupi mita imodzi ndi theka, chosongoka mbali imodzi. Ngati ndalama palibe, chitsulo chakale cha ekiselo ya galimoto chimagwira ntchito yomweyo. Wosula zitsulo akhoza kuchisongola. Nsimbi yonenepa yomangira nyumba imathandizanso pa nthaka yofewerapo. Koma zitsulo za njanji musazitole ngakhale zikuoneka ngati zotayidwa. Ndi mlandu, ndiponso chitsulo chimodzi chochotsedwa chikhoza kugwetsa sitima.

Yezani masentimita 30 kuchokera kunsonga ya mgwala, ndipo mangani kansalu pamenepo kapena pakani utoto. Chizindikiro chimenechi chikafika pa dothi, dzenje lakwana. Simufunikanso kuyeza dzenje liri lonse.

Kagwiritsidwe kake nkotere. Imani miyendo itatalikirana, zala za kumapazi zikhale kutali ndi pobooledwa. Gwirani mgwala ndi manja awiri. Kwezani mowongoka, ndipo ulekeni ugwe ndi kulemera kwake. Musaukankhe ndi mphamvu zanu zonse. Mudzatopa msanga. Ukalowa pang'ono, uzunguzeni kuti dzenje likule, kwezaninso, gwetsaninso pomwepo. Msana ukhale wowongoka. Mawondo ndiwo azipinda.

Dzenje likhale locheperapo kuposa mtengo. Ichi nchofunika kwambiri. Dzenje lalikulu limasiya mtengo ukugwedera. Dzenje lothina limaugwira mbali zonse, ndipo nsonga imadziboolera yokha masentimita otsiriza.

Nthaka ikakhala youma gwa, musalimbane nayo. Boolani masentimita 10 okha. Thiranimo chitini chimodzi cha madzi. Pitani pa dzenje lotsatira, chitani chimodzimodzi mpaka kumapeto a mzere. Pobwerera mudzapeza madzi alowa, dothi lafewa, mgwala ukutsika wokha. Madzi amenewa ndi ochepa poyerekeza ndi othirira dimba lonse. Nchifukwa chake njirayi ndi yoyenera kumene madzi amachita kutunga kutali.

Mgwala ukalira ngati belu ndi kudumpha m'manja, pansi pali mwala. Musaumirire. Sunthani chikhato chimodzi motsata mzere ndi kuyesanso. Ngati paliponse ndi miyala yokha-yokha, sinthani kamangidwe. Tengani mitengo iwiri, umodzi wa mzere uno, wina wa mzere uwo. Ipendeketseni ikumane pamwamba, ndipo imangeni. Gonekani mtengo wautali pamwamba pa mphanda zonsezo ngati mtanda wa denga. Mitengo yogwirana chotere imaima nji ngakhale yalowa pansi masentimita 15 okha. Unjikani miyala m'tsinde mwake. Miyala imene inakuvutani ikhala yokuthandizani.

Okhala m'midzi imene muli mipope ya madzi ayambe afunsa kumene mapaipi anadutsa. Mgwala umaboola paipi ya pulasitiki ngati dzungu.

CHOMENYERA

Dzenje likakonzeka, mtengo ufuna kumenyedwa pang'ono kuti ukhazikike. Pano alimi ambiri amalakwitsa posankha chida.

Mwala ndi woipa kuposa zonse. Ulibe mpini, umaterereka, umaphwanya zala. Msana wa nkhwangwa nawo ndi woopsa, chifukwa mbali yakuthwa imayang'ana nkhope yanu nthawi iri yonse mukaikweza.

Chabwino ndi chibonga cha mtengo. Mtengo ukamenya mtengo unzake suuphwanya. Pezani chipika cholimba chotalika ngati mkono. Semani mbali imodzi ikhale mpini, mbali inayo isiyeni yonenepa. Munsi wakale wosweka umapanga chibonga chabwino. Tikuti wakale. Abambo musatenge munsi umene amayi akusinjira, mungagone ndi njala.

Nyundo yaikulu yachitsulo, imene m'sitolo amati marreta, ndi ya nsichi zonenepa ndi zikhomo zachitsulo. Mukafuna kuigwiritsa pa mtengo, ikani kathabwa kolimba pamutu pa mtengowo, kapena vekani mutuwo chitini chakale. Musanayambe, onani ngati mutu wa nyundo uli wolimba pa mpini. Mutu wogwedera umauluka. Nsungwi musaimenye ndi nyundo yachitsulo. Ikankheni ndi manja m'dzenje, ndipo igogodeni pang'ono ndi chibonga.

Pali vuto lina. Mtengo wa mita imodzi ndi masentimita 80 ndi wautali kuposa anthu ambiri. Kumenya chinthu chimene chiri pamwamba pa mutu wako nkotopetsa, ndipo nkosavuta kuphonya. Ena amakwera pa ndowa yovundikira. Ndowa imapendama. Chida choyenera apa ndi paipi yokhomera.

Paipi yokhomera ndi yosavuta kupanga. Wowotcherera zitsulo ali yense ku Moatize angathe mukamufotokozera. Pafunika paipi yachitsulo yochindikala, yotalika masentimita 60 kapena 70. Kukamwa kwake kukhale masentimita 7 kapena 8, kuti mtengo uzilowa momasuka. Mbali imodzi aitseke ndi chitsulo chochindikala. M'mbali awotcherere zogwirira ziwiri, uku ndi uku. Yonse pamodzi ilemere makilogalamu 6 mpaka 8, kuti amayi ndi abambo omwe athe kuinyamula.

Poigwiritsa, pendeketsani mtengo, vekani paipi kumutu kwake, ikani nsonga m'dzenje, ndipo imikani zonse pamodzi. Kwezani paipi pang'ono, igwetseni. Kwezaninso, igwetseninso. Paipi singaphonye, chifukwa mtengo uli mkati mwake. Sipafunikanso munthu wogwirira mtengo. Koma chenjezo ndi ili: musakweze paipi mpaka kutulukira pamwamba pa mtengo. Ikatero imakodwa pa mutu wa mtengo, nigwera pa mutu wanu. Mtengo ukamatsika, chepetsani kakwezedwe.

Si mlimi ali yense ayenera kukhala ndi paipi yakeyake. Imagwira ntchito masiku ochepa pa chaka. Makomo asanu kapena khumi akhoza kusonkha ndalama, kupangitsa imodzi ndi mgwala umodzi, ndi kumabwerekana. Lembani m'kabuku dzina la wobwereka ndi tsiku. Zida za gulu zimasowa pamene palibe cholembedwa.

ANTHU ANAYI, NTCHITO ZINAYI

Munthu mmodzi akamachita zonse, amataya nthawi posinthasintha zida. Atola mgwala, autula, akatenga mtengo, afunafuna chibonga. Ndi bwino kugwirizana anthu anayi. Lero dimba la uyu, mawa la uyo.

Madzulo a dzulo lake, konzani chingwe chotalika ngati mzere. Mangani mfundo pa malo onse ofunika mtengo. M'mawa kokerani chingwecho pakati pa zikhomo ziwiri.

Woyamba ayale mitengo, umodzi pa mfundo iri yonse, ndiponso ndiye wosuntha chingwe. Wachiwiri aboole ndi mgwala. Wachitatu alowetse mtengo ndi kuukhoma. Wachinayi aponde dothi, ndipo agwedeze mtengo kuti aone ngati walimba. Mzere ukatha sinthanani, chifukwa wa mgwala ndiye amatopa msanga.

Ngati mukukhoma ndi nyundo ndipo pafunika wogwirira, asagwire ndi dzanja pafupi ndi mutu wa mtengo. Agwire ndi kamtengo kamphanda, iye ataima chapatali, kumbali kwa womenya osati kutsogolo kwake. Ana akhale kutali.

Yambani m'mamawa. Dziko lathu ndi lotentha. M'mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Tete. Ngakhale m'miyezi yozizira, dzuwa la masana limafooketsa. Madzi akumwa akhale pafupi. Thobwa likhale la pomaliza.

NTHAWI YOZIKA NDI KAMANGIDWE

Zikani mitengo tsiku lowokera mbande, kapena pasanathe milungu iwiri. Mukachedwa, mizu imakhala itayala, ndipo mgwala umaidula. Chironda cha pa muzu ndi khomo la matenda ofotetsa. Mtengo utalikirane ndi mbande masentimita 10, ndiko kuti zala zinayi kapena zisanu. Uikeni mbali yochokera mphepo.

Pomanga gwiritsani luzi, khonje, mlaza kapena nsanza. Waya amacheka tsinde. Chingwe chizungulire mtengo, chipingasane pakati, kenaka chizungulire tsinde la matimati. Chikhale ngati nambala 8. Siyani mpata wolowa chala, chifukwa tsinde lidzanenepa.

NSICHI ZA MPANDA

Mbuzi za ku Tete ndi zotchuka dziko lonse chifukwa cha nyama yake. Mwini dimba amazidziwa pa chifukwa china. Mbuzi zisanu zikhoza kutha ntchito ya miyezi iwiri m'mawa umodzi. Dimba lopanda mpanda ndi la mbuzi.

Dimba lathu lija la mamita 20 ndi 10, kulizungulira ndi mamita 60. Nsichi zikatalikirana mamita awiri, zifunika 30. Nsichi sitikhoma ngati mitengo ya matimati. Timakumbira. Kumbani dzenje lopapatiza ndi mgwala, lozama masentimita 50 kapena 60. Chotsani dothi ndi chitini. Imikani nsichi. Bwezerani dothi pang'ono, sinjani ndi mtengo, onjezani timiyala, sinjaninso, mpaka dzenje lidzale. Wothira dothi lonse nthawi imodzi amalimbitsa pamwamba pokha, pansi pali pofewa. Yambani ndi nsichi zinayi za m'ngodya. Zikhale zonenepa kuposa zina, ndipo ziikireni mitengo yochirikiza mkati. Kenaka kokani chingwe kuti zotsalazo ziime mumzere. Pakati pake lukani bango kapena nthambi zaminga za masau.

Mpanda wotere umaletsa mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe. Mvuu siuona ngati kanthu. Imeneyo ndi nkhani ya phunziro lina.

Mpanda wokhalitsa ndi wa mitengo yamoyo. Nthambi za gliricidia, chamwamba ndi nkhadze zimaphuka mukazizika. Gliricidia ndi chamwamba muzizike mvula ikayamba. Koma nthambi yamoyo musaikhome ayi. Kumenya kumasupula khungwa, ndipo nthambi yosupuka siphuka. Boolani dzenje lokwanira, ilowetseni ndi manja, pondani dothi. Podula nkhadze samalani maso, utomoni wake umaotcha. Gliricidia akakula, chaka ndi chaka adzakupatsani nthambi zowongoka. Mitengo ya matimati mudzaidula pa mpanda wanu womwe.

KUZULA NDI KUSUNGA

Mukatha kukolola, musasiye mitengo m'dimba. Chiswe chimaidya, ana amaitola nkhuni, ndipo mtsinje ukadzala umaitenga. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anadzaza Revúboè mpaka kugumula mlatho wa pa msewu wa pakati pa Tete ndi Moatize. Chimene chinali m'madimba a m'mbali mwa mtsinje chinapita ndi madzi.

Pozula, gwedezani mtengo uku ndi uku, kenaka kokani mowongoka. Ukakana, thirani madzi m'tsinde ndi kudikira. Ukakanabe, mangani chingwe m'munsi mwake, pisani mtengo wautali m'chingwemo, tsamiritsani nsonga yake pa mwala, ndipo kwezani mbali inayo. Udzazuka popanda kupweteka msana.

Palani dothi lonse. Ngati matimati anadwala, matenda akhoza kutsalira pa mitengo ndi kugwira mbeu ya chaka chamawa. Itsukeni ndi madzi othira javel, ndipo iyanikeni padzuwa masiku angapo. Zingwe zakale zitenthedwe. Mangani mitengo m'mitolo ya 20, kuti kuwerenga kusavute. Isungeni pa thandala, pamalo okwera, osanyowa. Mitolo 20 ya mitengo 20 ndi mitengo 400.

MAFUNSO

1. Chifukwa chiyani matimati ogona pansi amaonongeka?
2. Mlamu wachiwiri uja anatanthauzanji ponena kuti watuma chitsulo?
3. Tchulani zida zitatu zozikira mitengo. Ndi ziti zimene zikupezeka m'mudzi mwanu?
4. Mungatani ngati nthaka ndi youma kwambiri? Nanga ngati ndi yamiyala?
5. Chifukwa chiyani sitikhoma nthambi ya gliricidia ndi nyundo?
6. Dimba liri ndi mizere 6. Mzere uli wonse uli ndi mbande 30. Mitengo ifunika ingati ngati mbande iri yonse ikhala ndi wake?
7. Gulu la makomo 8 lifuna kupangitsa paipi yokhomera. Funsani mtengo wake kwa wowotcherera zitsulo. Khomo liri lonse lisonkhe ndalama zingati?

ZOCHITA

Lembani mau awa m'kope mwanu: mgwala, nsichi, chibonga, nsungwi, mfundo, chikhomo.

Yezani dimba lanu ndi chingwe. Lembani m'litali ndi m'lifupi mwake, chiwerengero cha mizere, ndi chiwerengero cha mitengo imene mufuna. Mubwere nazo pa tsiku la phunziro lotsatira, pamodzi ndi mtengo umodzi umene mwasongola nokha.